Mboni Yabodza Imene Inanena Zoona: Za Filimu ya The Informant!

Mafilimu ambiri onena za munthu woulula zoipa za mabwana ake amayenda m'kanjira kamodzi kodziwika bwino. Pamakhala munthu wolungama mbali ino, kampani kapena boma loipa mbali inayo, ndipo pakati pawo pamakhala mantha, mdima ndi galimoto zolondola munthu m'mbuyo. Wolungamayo amataya ntchito, mabwenzi, mwina ngakhale banja, koma potsiriza choonadi chimapambana, ndipo ife oonera timadzuka pa mipando mitima iri mbee, ngati kuti nafenso tachitapo kanthu. Serpico ya 1973 ndi The Insider ya 1999 ndi zitsanzo zabwino za mtundu umenewu, ndipo sindikuzinyoza ai. Steven Soderbergh mwini wake anapangapo ina yoyandikana nazo, Erin Brockovich, m'chaka cha 2000. Koma mu 2009 munthu yemweyo anatulutsa The Informant!, filimu imene inatenga kanjira kameneka ndi kukatembenuza chadodolido. Ndikufuna kusonyeza kuti filimu yaing'ono ndi yoseketsa imeneyi ikunena za umboni ndi bodza zinthu zozama kuposa zimene zinzake zolemera ndi zaulemu zija zinalimba mtima kunena.

Nkhani yake inachitikadi, ndipo Scott Z. Burns anailemba ngati sewero kuchokera m'buku la mtolankhani Kurt Eichenwald limene linatuluka mu 2000. Mu mzinda wa Decatur, m'chigawo cha Illinois ku United States, munali likulu la kampani ya Archer Daniels Midland, imene anthu amangoitchula kuti ADM. Ntchito yake ndi kugula chimanga, soya ndi tirigu, nkumazisandutsa mafuta, shuga wamadzi, ufa ndi zinthu zina zimene zimalowa m'zakudya popanda wodya kudziwa. Chimodzi mwa zinthuzo ndi lysine. Awerengi amene anayang'anirapo khola la nkhuku kapena la nkhumba pa mishoni mwina anaonapo dzina limeneli pa thumba la chakudya cha ziweto. Chimanga chiri ndi lysine wochepa, tsono opanga chakudyacho amamuonjezera kuti ziweto zikule msanga. Amampanga podyetsa tizilombo tina shuga wa m'chimanga m'matanki akuluakulu. Pamene ADM inayamba kumgulitsa mu 1991, mtengo wake pa dziko lonse unatsika kufika pafupifupi theka. Chaka chotsatira akuluakulu a ADM anakhala pansi ndi opikisana nawo, ndiye Ajinomoto ndi Kyowa Hakko a ku Japan, ndipo pambuyo pake Sewon ndi Cheil a ku Korea, nagwirizana mwamseri za mtengo ndi za kuchuluka kwa lysine amene kampani iriyonse idzagulitse. M'miyezi yoyamba ya mgwirizanowo mtengo unakwera ndi pafupifupi 70 pa 100 aliyense. Mmodzi mwa akuluakulu a ADM anamveka pa tepi akulongosola chiphunzitso cha kampani yake, chakuti opikisana nawo ndiwo abwenzi, ndipo ogula ndiwo adani.

Amene anaulula zonsezi ndi Mark Whitacre, mkulu wa nthambi yopanga lysine, munthu wa zaka za m'ma 30, wophunzira kwambiri sayansi ya zakudya ku yunivesite ya Cornell. Mu November 1992 iye anauza Brian Shepard, wapolisi wa FBI, za mgwirizano wachinsinsiwo, ndipo kwa zaka pafupifupi zitatu anayenda ndi makina ojambulira mau pathupi pake ndi m'chikwama, kulowa nawo m'misonkhano ya ku California, ku Tokyo, ku Hawaii ndi ku Atlanta. Mu June 1995 apolisi analowa m'maofesi a ADM ndi kulanda makalata. Mu October 1996 kampani inavomera mlandu nilipira chindapusa cha madola 100 miliyoni, chimene pa nthawiyo chinali chachikulu kuposa chirichonse pa milandu yotere. Nkhani ikanathera pomwepa, bwenzi tiri ndi woyera mtima wina wa m'mafilimu. Koma zinapezeka kuti pa zaka zomwezo zimene ankathandiza boma, Whitacre ankabera kampani yake ndalama kudzera m'makalata onama olipiritsa katundu, ndipo zonse pamodzi zinapitirira madola 9 miliyoni. Zinapezekanso kuti chimene chinabweretsa FBI ku Decatur poyamba chinali bodza lake. Tizilombo ta m'matanki tinkafa, ntchito inkalowa pansi, ndipo pofuna kudziteteza iye anapeka nkhani yakuti munthu wina wa ku Japan akumuimbira lamya, akuti pali kazitape amene akuthira matenda m'matanki, ndipo akufuna ndalama zambiri kuti amtchule dzina. Mabwana anaitana apolisi. Mkazi wake, Ginger, ndiye anamkakamiza kuti anene zoona za mitengo, namuuza kuti akapanda kunena iye, anena ndi iyeyo.

Tsono choonadi chachikulu chinatulukira pa khomo la bodza laling'ono, chikukankhidwa ndi mkazi wotopa. Apa ndi pamene pagona filimu yonse.

Ndiyambe ndi za ndalama, popeza kuchepa kwa ndalama kuli ndi gawo pa ubwino wa ntchitoyi. Filimuyi inadya madola pafupifupi 22 miliyoni. Kwa ife chimenechi ndi chuma chomangira matchalitchi a dayosizi yathunthu, koma ku Hollywood ndi kangachepe. Ocean's Twelve ya 2004, imene Soderbergh yemweyo anapanga ndi Matt Damon yemweyo, inadya pafupifupi kasanu kuposa pamenepa. Soderbergh anagwira yekha kamera, monga amachitira kawirikawiri pobisala m'dzina lakuti Peter Andrews, najambula mwachangu mu 2008 ku Decatur komweko. Mulibe mfuti yolira, mulibe galimoto zothamangitsana, mulibe nyumba yophulika. Zimene tikuona ndi zipinda za m'mahotela zofanana zokhazokha, matebulo a misonkhano, makapu a khofi, malo oimikapo galimoto, ndi minda ya chimanga yopanda mapeto. Zonse zakutidwa ndi kuwala kwachikasu, ngati kuti dziko lonse laviikidwa m'mafuta ophikira. Wosayang'anitsa anganene kuti umenewu ndi umphawi wa luso. Ine ndikuti ndi kukhulupirika. Tchimo limene filimuyi ikunena limachitikira m'malo otere ndithu. Anthu ovala bwino amakhala mozungulira tebulo, amafunsana za ulendo, amaseka, kenaka amalemba manambala pa bolodi, ndipo mlimi wa nkhuku amene sadzamuona konse amalipira. Filimu ya ndalama zambiri ikanakakamizika kukometsera zimenezi ndi mdima ndi nyimbo zoopsa kuti oonera asagone, ndipo potero ikanatinamiza kuti choipa chimabwera chitavala nyanga. Wansembe aliyense amene anakhalapo mu komiti ya zachuma akudziwa kuti chimabwera ndi ndandanda wa zokambirana.

Matt Damon ananenepa dala chifukwa cha gawo limeneli, navala ndevu za pamlomo, magalasi ndi tsitsi loikirira. Amene anamuona mu The Bourne Ultimatum zaka ziwiri m'mbuyo mwake ngati kazitape wosalephera kanthu, akumuona pano akutsegula chikwama pakati pa msonkhano kuti akonze tepi imene yayamba kulira, akusuzumira m'nyale m'mene apolisi abisa kamera, ndiponso akulankhula mokweza m'makina a pachifuwa pake kulongosola kuti tsopano akulowa mu ofesi ndipo akupereka moni kwa mlembi. Amadzitcha 0014, chifukwa akuti ndi wochenjera kawiri kuposa James Bond. Amadziyerekeza ndi Tom Cruise wa mu The Firm. Munthuyu waonera mafilimu omwe aja ndatchula poyamba, ndipo wasankha kukhala ngwazi ya m'menemo. Chodabwitsa koposa nchakuti amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mabwana ake akadzamangidwa, eni kampani adzamthokoza pompatsa mpando wa pulezidenti. Apolisi ndi maloya akamuuza kuti zimenezo sizingatheke, iye amamwetulira ngati munthu amene akudziwa chinsinsi chimene anzake sakuchidziwa.

Chida chachikulu cha filimuyi ndi liu la mumtima la Whitacre, limene timalimva kuyambira poyamba. Mwa chizolowezi, wosimba nkhani akamalankhula kwa ife oonera, timamtenga ngati bwenzi lotiuza zenizeni. Kunja anganame, koma kwa ife sanama. Soderbergh ndi Burns akugwiritsa ntchito chikhulupiriro chathu chimenechi ngati msampha. Pamene apolisi akumlongosolera zinthu zimene zingamlowetse m'ndende, liu la mumtima likusinkhasinkha za mitengo ya mataye, za mau a Chijeremani, za agulugufe amene amaoneka ngati aululu pamene alibe ululu, za chimbalangondo choyera cha ku mayiko a chisanu chimene akuti chimabisa mphuno yake yakuda posaka, ndi funso lakuti chimadziwa bwanji kuti mphuno yake ndi yakuda. Poyamba timaseka, tikuganiza kuti ndi munthu wa maganizo obalalika chabe. Pang'ono ndi pang'ono timazindikira kuti zambiri mwa zimenezi zikunena za kubisala, kudzionetsa mwina, ndi mtengo wa zinthu. Timazindikiranso chinthu choopsa: liu limeneli silitchula konse za ndalama zimene akuba. Tinaloledwa kulowa m'chipinda cham'kati mwa munthu, ndipo tapeza kuti ngakhale m'menemo mulibe amene akunena zoona. Iye amauza anthu kuti makolo ake anafa pa ngozi ya galimoto ali mwana, ndipo analeredwa ndi munthu wina wolemera. Makolo ake anali moyo.

Augustino Woyera, m'buku lake la za bodza limene analemba cha m'ma 395, anagawa mabodza m'mitundu isanu ndi itatu. Pali bodza lopweteka wina, lothandiza wina, lokometsera nkhani, lopulumutsa moyo, ndi ena otero. Koma pakati pa onsewo anaikapo limodzi limene munthu amanena chifukwa chongokonda kunama, popanda phindu lirilonse. Ife ophunzira za makhalidwe timalidumpha msanga bodza limeneli, chifukwa nzeru zathu zimafuna kuti ntchito iriyonse ikhale ndi cholinga. Whitacre wa m'filimu ali ndi mabodza a mitundu yambiri, ena a phindu loonekeratu, koma nkhani ya umasiye ija simpindulira kanthu kooneka. Ndi bodza la munthu amene sangathe kupirira kukhala munthu wamba wa makolo wamba. Ndipo kuulula kwake kwa machimo ndi kwa pang'onopang'ono ngati ngongole ya kugolosale. Ali pa chakudya ndi apolisi awiri amene amkonda ndi kumdalira, amayamba kufunsa mongoyerekeza: bwanji munthu atagwiritsa ntchito galimoto ya kampani pa zake? Apolisi akuti imeneyo si nkhani. Nanga ndege ya kampani? Nanga kulandira kangachepe kuchokera kwa ochita nawo malonda? Nkhope za apolisiwo zikusintha, ndipo nambala yoyamba imene akutchula ndi madola 500,000. Kuchokera pamenepo nambalayo imakwera nthawi iriyonse imene walumbira kuti tsopano wanena zonse. Amene anakhalapo m'kanyumba ka kulapa sadzafuna kumasuliridwa chithunzi chimenechi.

Nanga nchifukwa ninji kuseka? Ena anaona kuti nkhani ya munthu amene anataya zonse, amene anayesa kudzipha mu 1995, ndipo madokotala anampeza ndi matenda a maganizo aja okweza munthu kumwamba ndi kumgwetsa pansi mosinthanasinthana, siyenera nyimbo zachisangalalo. Pakuti nyimbo za Marvin Hamlisch m'filimuyi ndi za chikondwerero ndithu, za malipenga ndi zitoliro, zonga za mafilimu oseketsa a m'ma 1970. (Hamlisch yemweyo ndiye anapeka nyimbo za The Spy Who Loved Me, filimu ya James Bond ya 1977, tsono 0014 wapatsidwa woimba wa 007.) Soderbergh anadzazanso magawo a apolisi, maloya, oweruza ndi mabwana ndi akatswiri a nthabwala monga Joel McHale, Patton Oswalt, Tony Hale ndi abale awiri a Smothers, koma onsewa akusewera osaseka nkomwe. Dandaulo limeneli si lachabe, ndipo ndibwererakonso. Koma tiyenera kufunsa kuti nyimbozo ndi za yani. Sizikunena maganizo a wopanga filimu pa Whitacre. Ndi nyimbo zimene zikulira m'mutu mwa Whitacre mwini, munthu amene akudziona ngati ali pa ulendo wokondweretsa pamene nyumba ikupsa. Henri Bergson, m'kabuku kake ka za kuseka ka 1900, anaphunzitsa kuti timaseka pamene munthu wamoyo achita ngati makina, kubwereza chomwecho ngakhale zinthu zomzungulira zasintha. Loya akamuuza kuti asalankhule ndi atolankhani, chithunzi chotsatira ali ndi mtolankhani. Kachiwiri, kachitatu. Kuseka kwake kumayamba kuwawa pamene tazindikira kuti makinawo alibe powazimitsira.

Kusekaku kuli ndi ntchito inanso, imene ndikuiona ngati yofunika koposa. Kumatichotsera chinthu chimene timachikonda kwambiri, ndicho kupembedza mboni. Mtima wa munthu umafuna kuti wonena zoona akhale woyera, ndipo wodetsedwa akhale wonama, kuti tisavutike ndi kusiyanitsa uthenga ndi mthenga. Chilankhulo chathu chomwe chikusonyeza kugawanika kumeneku. Tiri ndi mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma tirinso ndi liu lakuti kapirikoni, limene linatsalira kuchokera ku bungwe la Capricorn la m'ma 1950, ndipo mpaka lero limatanthauza munthu wogulitsa anzake kwa akuluakulu. Woulula timafuna timuike m'dengu limodzi mwa awiriwa, la mnansi kapena la kapirikoni, ndipo tikamuika timaganiza kuti tathana nayonso nkhani imene waulula. Maloya a ADM ankadziwa bwino chibadwa chimenechi. Atangopeza za kuba kwa Whitacre mu August 1995, anamchotsa ntchito, nauza boma, ndipo maso a dziko anachoka pa mgwirizano wa makampani asanu nkutembenukira kwa wakuba mmodzi. Boma linapezeka liri ndi khoswe pa mkhate: kumkantha Whitacre kunali kuika pa chiswe mlandu umene iye anaumanga.

Tomasi wa ku Aquino, pokamba za umboni mu gawo lachiwiri la Summa yake, amavomereza kuti umboni wa munthu supereka chitsimikizo chathunthu, koma chongoyandikira, kotero kuti mbiri yoipa ya mboni imachepetsa mphamvu ya mau ake pa bwalo. Zimenezi nzoona, ndipo nchifukwa chake pa mlandu wa ku Chicago mu 1998 boma linatsamira pa matepi. Koma tisasokoneze mafunso awiri. Funso lakuti tingamkhulupirire munthu uyu ndi lina. Funso lakuti zimene wanena zinachitika ndi linanso. Mbiri ya mboni imayankha loyamba lokha. Mitengo inagwirizanidwadi, alimi anaberedwadi, ndipo kuba kwa Whitacre sikunabweze khobidi ndi limodzi lomwe m'thumba la mlimi. Matepinso sanadziyendere okha kulowa m'zipinda zija. Anawanyamula ndi munthu wamabodza yemweyo, thukuta liri kamukamu, kwa zaka zitatu. Awerengi a magazini ino akumbukira mkangano wa Augustino ndi a Donatisti ku Afrika ya kumpoto, amene ankati sakramenti loperekedwa ndi wansembe wochimwa ndi lopanda mphamvu. Augustino anayankha ndi fanizo la ngalande yamwala, imene madzi amadutsamo kukathirira dimba ngakhale mwalawo subala kanthu. Fanizoli likutsimphina likafika pa nkhani yathu, pakuti umboni wa pa bwalo si sakramenti, ndipo FBI si Mpingo. Komabe chiyeso ndi chimodzimodzi, cha kuganiza kuti choyera sichingadutse m'manja akuda. Pa nkhani ya umboni, ambiri a ife ndife a Donatisti osadziwa.

Zimenezi siziri kutali nafe. Pa milandu ya kubedwa kwa ndalama za boma imene inaululika kuno kwathu mu 2013, umboni wina wofunika unachokera kwa anthu amene anali atavomera okha kuti anadyako. Sizikanatheka mwina, popeza amene amadziwa za m'chipinda chotseka ndi amene anali m'katimo, ndipo amene amaloledwa kulowa m'chipinda chotere kawirikawiri ndi amene anavomera kale kudetsa manja. Mpingo nawo waphunzira mowawa m'zaka zapitazi kuti odandaula ena anakanidwa chifukwa anali oledzera, aukali, kapena a mbiri yosalongosoka, pamene zimene ankanena zinali zoona. Amene akukonzekera kudzakhala pa mpando wa bambo mfumu wa parishi adzalandira tsiku lina munthu wotere pa khomo, wobwera ndi nkhani yoona ndi zolinga zosakaniza. The Insider sidzamthandiza kwenikweni tsiku limenelo.

Komanso filimuyi sikugwera m'dzenje la mbali inayo, lakuti popeza anachita chabwino chachikulu, zoipa zake zikhululukidwe. Chiphunzitso chakale chimati ubwino wa ntchito umayesedwa pa chochitikacho, pa cholinga, ndi pa zozungulira, ndipo chimodzi chikapotoka ntchito yonse yapunduka. Kwa Whitacre chochitika chinali chabwino, koma cholinga chinali mtolo wa mantha, dyera, kufuna mpando, ndi njala yofuna kukondedwa. Filimu ikutisiya titanyamula zonse ziwiri, osatilola kutula chimodzi. Ikutisonyezanso masamu a chilungamo cha anthu. Mu 1998 woweruza Harold Baker anamgamula zaka 9 chifukwa cha kuba, ndipo anaonjezeredwa zina chifukwa cha mbali yake pa mgwirizano wa mitengo. Anakhala m'ndende zaka zoposa zisanu ndi zitatu, natuluka mu December 2006. Michael Andreas, mwana wa mkulu wa kampani, ndi Terrance Wilson analandira zaka ziwiri aliyense mu 1999, ndipo bwalo la apilo litalamula kuti chilangocho chionedwenso, zinakwera kufika pafupifupi zitatu. Wobera kampani analangidwa pafupifupi katatu kuposa obera dziko lonse. Whitacre amadandaula za zimenezi m'filimu, ndipo chovuta nchakuti pano wabodza uja akunenanso zoona.

Zofooka ziripo. Chachikulu nchakuti sitikuona nkhope ya woberedwa ndi mmodzi yemwe. Chifukwa filimu yatsekeredwa m'mutu mwa Whitacre, ADM imazimirira m'theka lachiwiri, ndipo wina angatsutse kuti Soderbergh wachita zomwe maloya a kampani ankafuna, kutembenuza maso athu kuchoka pa njovu kupita kwa kalulu. Mphamvu ya Dwayne Andreas pa ndale za ku America, munthu amene ankapereka ndalama ku zipani zonse ziwiri kwa zaka zambiri, yangokhudzidwa pamwamba. Ginger, amene Melanie Lynskey akumsewera mofatsa ndi mwaluso, ndiye anayambitsa choonadi chonse, koma sitipatsidwa mpata womdziwa. Funso lakuti ankadziwa zingati, ndipo kukhulupirika kwake kunali chikondi kapena khungu, latsala lendelende. Ndiponso pakati pa filimu maloya ndi nthambi za boma zimachuluka kotero kuti woonera koyamba amasokera. Za matenda aja, ndikuvomereza kuti pali mphindi zina pamene tikuseka chinthu chimene pambuyo pake tidzauzidwa kuti chinali chizindikiro cha kudwala. Katekisimu amaphunzitsa kuti zovuta za m'maganizo zingachepetse kapena kuchotsa kumene mlandu wa munthu pa zochita zake. Filimu siyesa kuyeza kuti pa Whitacre zinachepetsa motani, ndipo woweruza wa m'filimu akukana kuona mgwirizano pakati pa matendawo ndi kuba kokonzedwa mosamala chotero. Ndikuganiza kuti kusayankhaku ndi kudzichepetsa koyenera, koma ndikumvetsa amene akukuona ngati kuthawa.

Chimene chikundichititsa kuikhululukira ndi chithunzi chimodzi cha kumapeto. Whitacre, pofuna kuipitsa mbiri ya Shepard, wanena kuti wapolisiyo anam'menya ndi chikwama, ndipo watulutsa kalata imene akuti inalembedwa ndi dokotala wake yotsimikiza za bala. Shepard, amene Scott Bakula akumsewera ngati munthu wabwino wotopa, munthu amene ankasunga chithunzi cha banja la Whitacre kuti asaiwale kuti akugwira ntchito ndi munthu osati chida, akubwera ndi kalatayo kunyumba. Sakukalipa. Akungomuonetsa kuti nambala ya lamya ya pamwamba pa kalatayo ikuyamba ndi 847, chizindikiro cha dera chimene chinali chisanayambe kugwira ntchito pa tsiku limene kalatayo ikuti inalembedwa. Apa nyimbo zatha. Kwa nthawi yoyamba liu la mumtima lasiya zimbalangondo ndi mataye, ndipo layamba kunong'oneza mayankho, amene pakamwa pakuwabwereza nthawi yomweyo. Tikuona ndi maso athu bodza likupangidwa, ngati kuti atitsegulira matanki a m'fakitale. Shepard akugwetsa yankho lirilonse. Ginger, amene wakhala kumbali ya mwamuna wake pa zonse, akumpempha kuti aleke. Ndipo liu lija, limene lalankhula kosalekeza kwa ola limodzi ndi theka, likusowa chonena.

Filimu ikupitirira pang'ono pambuyo pake. Tikumuona Whitacre ali m'ndende, tsitsi loikirira lija litachoka, akujambulitsa uthenga wopempha chikhululukiro kwa pulezidenti wa dziko, ndipo wapolisi mnzake wa Shepard wabwera kudzamuona. Zimenezi ziri ndi maziko m'mbiri yeniyeni, popeza ena mwa apolisi a FBI amene anagwira nawo mlanduwo anadzalankhula poyera kuti ayenera kukhululukidwa. Pocheza, Whitacre akutchula mosalabadira kuchuluka kwa ndalama zimene anatenga, ndipo nambalayo yakweranso.